Kupalasa Bwato Lopanda Madzi

Lolemba
Pabwalo la chipatala aikapo chimakina chachitsulo, ati chopalasira bwato pamtunda. Madzi palibe, nsomba palibe! Esinati, mwana wanga, akuti: "Bambo, mwakula. Loweruka mukapalase chimenechi mpaka ine nditamaliza nyimbo imodzi ya kwaya. Mukalephera, bwato lanu mupatsa amuna anga." Ndikuvomera uku ndikuseka. Ine, wokulira pa Chilwa?

Lachiwiri
Ndikuimirira pampando wake, monga timachitira pokankha bwato ndi nsungwi. Mpando ukuthawa. Ine chagada, phii! Amayi odikira sikelo akuseka mpaka ana kumbuyo kudzuka. Alangizi a zaumoyo akuti: "Agogo, khalani pansi. Kankhani ndi miyendo kaye, kenako msana, manja pomaliza. Pobwerera, manja ayambe."

Lachitatu
Kupalasa chokhala, ngati mlendo wa ku Zomba! Miyendo yanga moyo wonse ntchito yake inali kuima basi, lero ati itsogolere. Manja akukana, akungothamangira kukoka. Chogwirira chikundimenya m'maondo. Zopweteka lero:
maondo
msana
ulemu wanga.

Lachinayi
Ndikuphunzirira kunyumba, kopanda mboni: mpando wandalema ndi mpini wa khasu. Miyendo, msana, manja! Zikuyenda! Mayi a Esinati akusuzumira: "Kodi mwayamba kulima m'nyumba?" Mpando wathyoka. Unali wawo.

Lachisanu
Thupi lakana. Ndikunyengerera Esinati kuti aimbe kakolasi kakafupi. Wasankha nyimbo ya pamaliro, ija amaikoka mpaka manda kukwiririka. Mkamwini wadutsa, wandipatsa moni waulemu kwambiri. Maso ali pa nsungwi yanga.

Loweruka
Anthu adzaza ngati kwabwera matemba kudoko la Kachulu. Ndime yoyamba ndikupalasa ngati mnyamata, msana chilili, alangizi akuwomba m'manja. Ndime yachiwiri miyendo yapita kwawo. Ndikukoka ndi manja okha, mpweya ukutuluka ngati pampu ya njinga. Nzeru zabwera: ndikukuwa "Ameni!" mokweza, amayi ena akuyankha "Ameni!" Esinati osatekeseka: "Bambo, ndime zilipobe." Anditsitsapo anthu awiri.

Lamulungu
Kutchalitchi ndikupemphera choimirira, maondo sakupindika. Bwato lapita ndi mkamwini. Akulikankha bwino ndithu, koma zimenezo sadzazimva kwa ine. Ndapempha chimodzi chokha: akapha milamba, mitu ndi yanga. Esinati akuti mano ndilibe. Ndiziyamwa.