Inki Yathera pa Maliro a Azakhali

Lolemba
Chaka chino ndasintha. Kashopu kanga kotayipa ndi kupulinta pano pa Kandeu kakhala ndi bajeti yakeyake ya zipangizo. Ndalama ndazigawa m'maenvulopu: inki, mapepala, bandulo ya intaneti, batire latsopano la sola. Aphunzitsi aakulu a sukulu ya pulaiveti yakumtundaku andipatsa ntchito yopulinta mayeso, akuwafuna Loweruka. Ndikaigwira bwino, ntchito zawo zonse za chaka ndi zanga. Mkazi wanga, mayi a Chisomo, ndawachenjeza: maenvulopuwa si ogulira mchere ayi!

Lachiwiri
Inki ndagula, mapepala ndagula. Batire lidikire mawa.
Masana kwabwera uthenga. Azakhali a mkazi wanga atisiya ku Kasinje. Nditangokwatira kumene, ndi iwo okha ankanditchula dzina, ena onse ankangoti "akamwini". Ndatseka shopu. Mtima ukuwawa.

Lachitatu
Pamaliro aliyense amapereka chomwe ali nacho. Wa ngolo wapereka ngolo, wa nkhokwe wapereka chimanga. Ine malume a mkazi wanga angondiyang'ana: "Inu akamwini, paja muli ndi makina."
Akufuna:
pulogalamu ya mwambo, chithunzi cha malemu chikhale chamitundu;
nyimbo za kwaya;
mbiri ya malemu, kuyambira tsiku lomwe anabatizidwa.
Mkamwini amakana? Pulogalamuyo ndapulinta kawiri. Poyamba ndinadumpha dzina la mlamu wina, ndipo walira kuposa mmene akulirira malemuwo.

Lachinayi
Batire lakale lakwera kabaza, akuti likawunikire pasiwa. Kumeneko lapezanso ganyu: mafoni a mudzi wonse! Envulopu ya batire latsopano yathandizira kugula bokosi. Ndimati nditchule za mayeso, koma ndangopereka envulopuyo. Kaya amene anayambitsa bajeti analibe abale.

Lachisanu
Kuika maliro. Yohane, mwana wa malemu, ali ku Joni ndipo mapepala ake sali bwino, sangabwere. Ndaima pamanda foni m'mwamba, vidiyo ikuyenda, mkono mpaka dzanzi. Bandulo ya mwezi wonse yatha adzukulu asanamalize kukwirira. Koma bokosi likutsika waliona. Ndamumva akuti, "Amayi, pitani bwino." Nanenso ndalira.

Loweruka
Ndalawirira kushopu. Magetsi kulibe. Batire labwerako litafa. Magetsi atayaka, pulinta ikutulutsa mapepala otuwa ngati phulusa. Inki yatha!
Afika aphunzitsi aakulu. Dzulo anali nafe pamaliro pomwepo, pulogalamu yanga ili m'manja, foni yawo ili pa batire langa. "Pepani ndi zovutazi, achimwene. Koma ana alemba Lolemba." Atenga fulashi yawo yomwe muli mayesowo, akwera minibasi ya ku boma.

Lamulungu
Ntchito ya sukulu yapita, ya chaka chonse. Titaweruka kutchalitchi ndakhala pakhonde kuyesa kukwiya, koma sindikupeza woti ndimukwiyire. Aphunzitsi sanalakwe. Malume sanalakwe. Atati andibwezere Lachisanu lija, ndingakwezenso foni pamanda paja. Maliro n'kulirana, kungoti ena timalira ndi inki.
Madzulo mayi a Chisomo abwera ndi uthenga wa malume. Akuti aliyense wayamikira pulogalamu ija, anthu ena aipachika ndi kukhoma komwe. Choncho banja lagwirizana kuti zopulinta zonse za chiliza chaka chamawa zidzakhalenso kwa ine.
Kasitomala wokhazikika ndamupeza tsopano. Salipira.