Tsiku Limene Sitima Inandiphonya

Mukaona mwana wasukulu akubwera ndi kaseti kuti akufunseni za ubwana wanu, thawani. Ine ndinamupatsa mpando.

Nthawiyo fakitale ya nsalu ya ku Kafue inali itatichotsa ntchito, tonse tikugulitsa salaula, zovala za kaunjika. Chuma changa chenicheni chinali umboni. Kutchalitchi kwathu ku Nangongwe aliyense ankaudziwa: ndili mwana, phazi langa linakodwa m'njanji pafupi ndi siteshoni, sitima ikubwera, atate n'kundikoka, nsapato n'kutsala. Azimayi ankalira. Abusa anali atandisankha kukaunena pamsonkhano waukulu Lamlungu (jekete ndinali nditabwereka kale).

Ndiye kunabwera mwana wamkazi wa achemwali anga, wa kuyunivesite ku Lusaka, wophunzira momwe anthu amakumbukirira moyo wawo.

"Ba malume, nizakamba liwu limodzi, imwe mukambe chamene chabwela m'mutu. Sitima."

Anandiputa dala. Ndinamuuza zonse, fungo la dizilo, kutentha kwa chitsulo, ngakhale mtundu wa nsapato.

"Manje nifunika kufunsa wina wamene analipo," anatero.

Ndinamuperekeza ndekha kumsika, kumene amayi ankagulitsa nsomba zouma. Amayi anamvetsera kasetiyo mpaka kumapeto, akuingitsa ntchentche.

"Akamba bwino," anatero amayi. "Koma uyu anali kumsana kwanga, anali akalibe na mano. Wamene anagwiliwa ni mlongo wake, amai ako iwe."

Ndinatsutsa mpaka thukuta. Ndinavula nsapato pamsika pomwepo kuti ndionetse chipsera (amayi anati chimenecho n'cha mbaula). Mtsikanayo anandilimbitsa mtima kuti nkhani ukaimva kawirikawiri uli mwana, mutu umaijambula n'kukuika pakati. Manyazi anandigwira, komanso chisoni, ngati andilanda munda.

Madzulo ndinapita kwa achemwali kukabweza katundu wawo. Ndinawauza kuti amene anakodwa m'njanji ndi iwo.

"Ine? Sinikumbuka olo pang'ono. Zaka zonse izi nikumvelela chifundo, na nyama yaikulu nikupatsa iwe!"

Lamlungu ndinaimirira ndi jekete lija n'kunena zoona, kuti Mulungu anapulumutsa achemwali anga ine ndikuyamwa. Kunamveka ameni mmodzi, wa achemwali. Abusa sanandiitanenso.

Ndinavomera, pakuti amayi sanama. Koma mpaka lero sitima ikalira pa Kafue, achemwali amapitiriza kuchapa ali phee, ndipo phazi limene limazizira ndi langa.