Always, Never ndi Bondo Langa

Lolemba

Loweruka kuli intavyu. Akufuna magayidi awiri otsogolera alendo ku phiri la Chambe. Gayidi sasenza chikwama, amangoloza mitengo ndi ndodo. Ine zaka khumi ndi zinayi ndikusenza zikwama za eni, bondo lakumanzere layamba kulira ngati chitseko cha kubafa. Ndikalephera ulendo uno, sindikudziwa kuti lindipirira mpaka liti.

Njira ndimaidziwa ngakhale m'tulo. Chondisautsa ndi Chingerezi. Ndapita kwa a Sumaili, aphunzitsi opuma amene amagulitsa mayunitsi pa Chitakale. Iwo akuti, “Achimwene, pa intavyu safunsa kuti umatani. Amafunsa kuti kangati.” Andilembera pa katoni ya sopo:

always, nthawi zonse
usually, nthawi zambiri
often, kawirikawiri
sometimes, nthawi zina
rarely, mwa apo ndi apo
never, ngakhale kamodzi ayi

Homuweki ndi kulemba ziganizo za moyo wanga, koma zoona zokhazokha. Akuti bodza limathawa pakamwa munthu ukachita mantha.

Lachiwiri

Ziganizo zanga:

I always wake up at five.
I never drink.
I often help my wife.

Kulakwa kwanga ndi kuwamasulira akazi anga, mayi a Esinati. Aseka mpaka kutsamwa malovu. “Faifi yake iti, bambo? Imene ija mumadzuka nkhuku zitatopa kale?” Alanda pensulo. Choyamba chasanduka sometimes. Chachiwiri akuti ndifufute chifukwa Mulungu akuona. Chachitatu andisiyira rarely, ati mwachisoni.

Mawu onse awagwira tsiku limodzi, munthu wolekera Sitandade 5. Ine ndidakasokoneza usually ndi often. Zikundiwawa.

Lachitatu

Kaganyu kosenza chikwama cha alendo awiri, mayi ndi mwamuna wake, kupita ku mathithi. Mpata woyeserera!

Mayi afunsa ngati kuno kumagwa mvula mwezi uno. Ndati rarely. Sitinayende mapazi makumi awiri mvula ya chiperoni yatikuta, tonse chonyowa. Kenako afunsa za njoka. Apa ndakumbukira a Sumaili, zoona zokhazokha. Ndati often. Ulendo wathera pomwepo, mathithi sanawaone.

Ndakadandaula kwa aphunzitsi. Akuti, “Ndimanena zoona za moyo wako, osati za njoka. Kwa mlendo njoka ndi rarely.” Ndiye choonadi chili ndi madipatimenti.

Bondo latupa.

Lachinayi

Intavyu yoyeserera pa benchi ya a Sumaili, makondakita akumvetsera ulele. Mafunso atatu ndawoloka. Funso lachinayi ndi ili: kodi umasochera m'phiri? Yankho lake akuti ndi never, molimba, chifuwa panja.

Pakamwa pakana.

N'zoona, sindinasocherepo. Koma zimenezo sizinenedwa. Malemu bambo anga, amene ankatsitsa matabwa pamutu kuchoka kumwamba kuja, anandiuza ndisanamere ndevu kuti phiri silidzitamidwira. Wonena kuti sangasochere ndi yemweyo timakamufuna ndi malikhweru mawa lake. Ndipo pa Chitakale phiri limakhala lili pompo, kukuyang'ana.

A Sumaili anditembenuza kuti ndipenye ku filing'i siteshoni. Zakanikabe, ndikulimva kumsana. “Phiri limamva Chingerezi?” atero mokwiya. Funsolo ndapita nalo kunyumba ndi chiyembekezo. Mayi a Esinati akuti, “Linayamba kumva azungu inu musanabadwe.”

Lachisanu

A Sumaili ali ku mzikiti, ndikuyeserera ndekha. Ndabisala kuseri kwa golosale, komwe phiri silioneka, n'kunong'ona kamodzi kokha: never. Palibe chachitika. Ndanenanso. Ndanena kasanu, mtima m'malo.

Ndakwera minibasi yobwerera kunyumba ndikubwerezabe, maso pa katoni. Podzutsa mutu ndikuona msika wa pa Nkando.

Nkando! Munthu wobadwira kuno, siteji yake ya tsiku ndi tsiku, kukwera galimoto yolowera ku Limbe. Nditafika kunyumba, mayi a Esinati sanaseke n'komwe, ndipo zimenezo ndiye zandiopsa. Angoti, “Limenelo ndi chenjezo chabe.”

Loweruka

Malaya ositidwa, nsapato zobwereka. Ofunsa alipo atatu pa tebulo, wapakati ndi mayi wa magalasi. Kumbuyo kwawo kuli zenera lotsegula, ndipo m'zeneramo mwadzaza thanthwe lonse la Chambe, popanda ngakhale kamtambo. Sabata yonse chifunga, lero lokha layera kuti limve bwino.

Kudzuka: usually at five. Njoka: rarely. Akugwedeza mitu. Ndikuyamba kudziona ndi ndodo m'manja.

Kenako mayi wa magalasi afunsa funso lija.

Ndayang'ana iwo. Ndayang'ana zenera. Ndati sometimes.

Afunsa kuti kangati. Mantha andigwira, ndafuna kudzichepetsa kwenikweni kuti za dzulo zikhululukidwe. Ndati often. Mayi aja alemba nthawi yaitali kwambiri.

Mayina atuluka masana. Wina sindikumudziwa. Wachiwiri ndi Gifiti wa ku boma, amene chaka chatha ndinakamutola m'chifunga akulira, akulowera njira ya kuphompho. Ameneyo never wake anamveka mpaka panja.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndakhala pakhonde, mayi a Esinati akundithowa bondo ndi madzi otentha. Ndikadakonda akadandiseka.

Masana kwabwera Gifiti, baji yatsopano pachifuwa, chipewa m'manja. Mawa ali ndi alendo anayi opita ku Chambe, zikwama zikuluzikulu. Wakanda mutu, wayang'ana pansi. “Akulu, mundisenzere chachikulucho. Komanso muzikhala patsogolo, pamphambano paja pamandisokoneza. Ine ndizibwera pambuyo, ndizilankhula nawo.”

Ndavomera. Bondo sindinalifunse.