Chiuno cha Simkonda m'Masentimita

Lolemba

Ntchito yandipeza! Loweruka gulu lathu lovina mapenenga, gule amene ena amati malipenga, kuno ku Mlare likupikisana ndi anyamata a kutsidya kwa mtsinje, aja anatiseka chaka chatha kuti makabudula athu akukhala ngati tinkasefera mowa. Ulendo uno tisoketsa atsopano, oyera mbee.

A Kingi, mtsogoleri wa gulu, aloza ine: "Madala, inu munafika Sitandade 4. Nsalu ndi miyeso zili m'manja mwanu. Koma nthabwala musiye kunyumba." Ndavomera. Nthabwalazo ndabwera nazo m'thumba.

Nkhani ndi ndodo. Ine ndimavina kutsogolo, ndodo m'manja, chiyambire mano ali onse. Tsopano ena akuiyang'ana, ati mawondo anga atha. Makabudula akatuluka bwino, ndodo ikhalabe yanga. Atero a Kingi.

Ndabwereka tepi kwa fundi Mwalwanda, telala wathu. Amuna khumi, mmodzimmodzi, ndikulemba ndi khala pansi, pakhonde panga.

Ine: chiuno mainchesi 30. Mnyamata weniweni.
A Kingi: 36, atakoka mpweya.
Simkonda wa ng'oma yaikulu: 40! Tepi yafika ikupuma wefuwefu.
Kutalika: 20 aliyense, kulekeza pabondo.

Ndamuuza Simkonda kuti iyeyo afunika kuyezedwa ndi anthu oyeza minda. Sanaseke. Adzaseka mawa.

Lachiwiri

Ku Boma pa njinga. Kabudula mmodzi amadya yadi ndi theka. Amuna khumi, mayadi 15. Izi ndawerengera ndikupalasa, osagwa.

M'sitolo, tsoka! Mayadi kulibe. Wogulitsa akuti: "Agogo, masiku ano ndi mamita. Simumva wailesi?" Ndimamva. Ndinkayesa akunena za ku Blantyre. Boma likati mita ndiye mita, ine sindinatsutse, makamaka poona mnyamata wa chipani ataima pakhomo akufunsa makhadi.

Yadi ndimaidziwa: kuyambira pamphuno mpaka kunsonga ya chala. Mayi wina pamzere akuti mita ndi yomweyo, kungoti uzitembenuzira nkhope kumbali. Ndayesa. Khosi lati kwee! Mita yanga yathera panjira.

Mwamwayi alowa a Phiri, aphunzitsi athu ochokera ku Dedza. Akuti mayadi 11 ndi ngati mamita 10, ndipo inchi imodzi ndi masentimita awiri ndi theka. Ndawerengera pachikhatho. Mamita 14 akwana, katsalanso kansalu ka mipango. A Phiri agwedeza mutu kuti inde. Ine! Sitandade 4 yakale si masewera.

Pobwerera ndikuimba: awiri ndi theka, awiri ndi theka. Ng'ombe za m'njira zikundiyang'ana ndi ulemu.

Lachitatu

Ndadzuka ndi nzeru. Loweruka kubwera a tcheyamani a chipani kudzaonerera. Tangoganizani nditaima n'kunena kuti: makabudula awa ndi a masentimita, oyamba m'dera lino! Akutsidya adzalowa pansi.

Tsiku lonse pakhonde, kuchulukitsa. Nambala kawiri, kenako theka lake pamwamba. N'kosavuta ngati kudya nthochi.

Ine: 75.
A Kingi: 90.
Kutalika: 50.
Simkonda: 100. Mita yathunthu! Munthu mmodzi, mita imodzi!

Ndapita kwawo kukamuuza kuti boma likasowa ndodo yoyezera nsalu lizidzamubwereka. Mkazi wake waseka mpaka kutaya mpunga wa m'lichero. Iye wanditchula dzina la Chinkhonde limene sindilemba muno.

Ndakopera masentimita onse papepala, ndapereka kwa fundi pamodzi ndi nsalu ndi tepi yake. Ndinamupeza ali pachakudya, sanayang'ane. Mawa adzadziwa kuti m'mudzi muno muli anthu.

Lachinayi

M'mamawa fundi ali pakhomo, pepala m'manja. "Madala, chiuno 100? Mukuvinitsa mvuu? Tepi yanga imadziwa mainchesi basi. Ndipatseni mainchesi kadzuwa kasanakwere, apo ayi mukavina ndi zitenje."

Palibe vuto, mainchesi ali pakhonde.

Palibe! A NyaKaonga, mayi a m'nyumba muno, azira khonde lonse, pansi pali see ngati mbale. "Kubwera alendo Loweruka. Ndiwalandire pamakala anuwo?" Ziuno khumi zapita ndi dothi.

Kuyezanso? Amuna onse ali kudambo kumweta mpunga. Komanso dzulo ndinalengeza pachigayo kuti inchi yamwalira, maliro ndayendetsa ndine. Ndipite ndi tepi kukaifukula? Ayi. A Phiri? Atengedwa kumsonkhano wa aphunzitsi.

Chabwino. Chimene chinachulukitsidwa chigawidwe. Koma kugawa ndi awiri ndi theka! Ku mishoni sitinafikeko, chaka chimenecho ndinkaweta ng'ombe. Theka limeneli polowa linali laulemu, potuluka likukana.

Tilichotse. Kugawa ndi awiri, kapena ndi atatu?

Ndi awiri: Simkonda 50. Nsalu sikwana.
Ndi atatu: Simkonda 33, yotsala imodzi ndapatsa nkhuku. A Kingi 30. Ine 25. Kutalika 17.

Mtima ukundiuza kuti Simkonda anali 40. Koma Lolemba lija anali atangodya, ndiponso amatupitsa mimba dala. Masamu sanama. Atatu!

Fundi wayang'ana pepala, wandiyang'ana ine. "Gulu lanu laonda chotere?" Ndati ndi kuvina.

Lachisanu

Makina a fundi akulira osapuma. Madzulo makabudula khumi, atasitidwa, mzere wakuthwa ngati mpeni. Ndipo nsalu yatsala, yambirimbiri! A Kingi andigwira chanza: "Madala, mwasunga chuma cha gulu." Ndayankha modzichepetsa kuti ndi ubwino wa masentimita.

A NyaKaonga anyamula kabudula wanga, amutembenuza uku ndi uku. "Ameneyu ndi wa mdzukulu uti?" Nsanje. Mkazi amene anafufuta ziuno khumi alibe mawu pa za miyeso.

Simkonda akuti tiyese kuvala. Ndakana. Mwambo wathu ndi womwe uja: yunifomu siivalidwa tsiku lisanafike. Ingade, komanso akutsidya ali ndi alamu awo m'mudzi muno, maso ngati akabawi. Zonse zalowa m'bokosi la a Kingi.

Zoti ndichite mawa:
kupaka ndodo mafuta
kumeta ndevu
kuloweza mawu oti ndinene kwa a tcheyamani
osadya kwambiri, kungochenjera chabe

Loweruka

Mayo ine!

Tikuvalira kuseri kwa nthochi. Poyamba zii. Kenako kubuula, ngati m'chipatala.

A Kingi batani lafika, koma mawu atha. Akulamula ndi maso. Wanga walowa nditagona chagada, anthu awiri akukoka. Wa Simkonda waima m'ntchafu, wakana kupitirira. "Madala, masentimita anu aja ndi amenewa?" Ndati nsalu yatsopano imafuna kuizolowera. Tamumanga nsalu yotsala ija m'chiuno ngati mtolo wa fodya.

Akale aja? Akazi anang'amba kale Lachitatu, ena ndi zigamba, ena akusefera mowa zenizeni.

Talowa m'bwalo. Mawondo onse panja, ntchafu zimene sizinaone dzuwa chiyambire ufulu zili mbee kuposa nsalu. Amayi akululutira, koma si nthungululu yaulemu. Oliza malipenga akulephera kukoka mpweya, malipenga awo a zikho akungoti fyee ngati anapiye.

Ine kutsogolo, ndodo m'mwamba, mutu m'mwamba. Mapenenga ndi ulemu, umayenda pang'onopang'ono ngati bwana. Mpaka apa tikadapulumuka. Koma pali pamene timawerama tonse pamodzi kupereka ulemu kwa alendo.

Tawerama.

Phwee! Phwee! Phwee! Makabudula kung'ambika kumbuyo, kuyambira kumanja mpaka kumanzere, motsatana bwino, kuposa mmene timaimbira. Gulu lathu silinagwirizanepo chonchi.

Tatuluka chobwerera m'mbuyo, nkhope kwa alendo, mpaka m'nthochi. Wina wakutsidya akukuwa: "Sitepe yatsopano imeneyo, mutiphunzitse!" A tcheyamani abisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Mawu anga a masentimita sindinanene.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. M'chiuno muli mzere wofiira, wa mainchesi 25 ndendende.

A Phiri abwerako. Akuti ukalowa ndi awiri ndi theka, utulukenso ndi awiri ndi theka: nambala kawiri, kenako ugawe ndi zisanu. Simkonda: 200, kugawa ndi zisanu, 40. Zoona. Nzeru imeneyi ikadafika Lachinayi.

Madzulo bwalo la gulu. Ndodo yapita kwa mphwake wa a Kingi, wa mawondo atsopano. Ndapereka ndi manja awiri, ili yopakapaka mafuta. Simkonda anapempha kuti andichotse m'gulu, koma a Kingi akuti munthu wokalambira m'mapenenga satayidwa. Andipatsa udindo wina: kutungira ovina madzi akumwa.

Mphwake uja, pofuna kundiyesa, wafunsa: "Agogo, nanga m'ndowa imeneyi mumalowa malita angati?"

Ndamuuza kuti ndowa ili ndi miyeso iwiri basi: yodzaza ndi yosadzaza. Ndanyamula, ulendo wa kumjigo.