Dzina la Alamu Anga pa Pepala Lovotera

Harlow Creek, Lolemba pa 5 Okutobala

Olemekezeka a Wapampando wa Bungwe la Zisankho,

Ndine Orville Tackett, amene ndasindikiza mapepala ovotera a boma lathu lino kwa zaka 31. Sukulu ndinalekeza kupulayimale, choncho mundikhululukire polowerera nkhani za ophunzira. Ndalemba kuti ndithokoze.

A Buford Skaggs, amene akufuna kubwerera pampando woyang'anira misewu, ndi alamu anga, alongo ake a mkazi wanga Lurleen. Pa 14 Febuluwale chaka chatha anali m'gulu lija linathyola mawindo a nyumba ya malamulo ya chigawo chino pofuna kuletsa bwanamkubwa watsopano kulumbira. Malamulo aakulu a dziko amati munthu amene analumbira kuti adzawateteza, kenako n'kuukira boma, asakhalenso pampando. A Buford amati, "Alamu, ine ndinkangofuna chimbudzi." Chithunzi chawo ali pawindo, mtengo wa mbendera uli m'manja, chili pafiriji yathu. Anachimata ndi Lurleen, akuti alongo akewo anaoneka ochepa thupi.

1. Zikomo chifukwa cha kalata yanu ya pa 8 Seputembala, yakuti dzina lawo lichotsedwe. Inafika nditasindikiza kale mapepala onse 4,212. Munati ndimate kapepala koyera pa dzinalo. Ndinamata ndi manja, masiku atatu.

2. Zikomo chifukwa cha kalata ya pa 17 Seputembala, yakuti apilo yawo yamveka, dzina libwerere. Ndinamatula timapepala tonse. Mapepala 19 anang'ambika, ndipo pa 61 dzinalo linachokera limodzi ndi kapepalako. Ndinaona ngati mapepalawo apereka maganizo awo, koma sindinauze munthu.

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata ya pa 29 Seputembala. Ili ndi masamba 11, ndipo nditawerenga kawiri ndinamva kuti mukuti ndidikire. Akuti maloya asanu ndi awiri akuunikabe ngati kulowera pawindo ndi kuukira boma kapena ndi kucheza kwaphokoso chabe. Ine si woweruza. Koma lumbiro limene a Buford anawerenga potenga udindo ndinasindikiza ndine. Lili ndi mawu 46, ndipo za chimbudzi mulibe.

4. Ichi n'cha kunyumba, koma chinayambira ku ofesi yanu. Tsiku la kalata yoyamba Lurleen anati, "Orville, wamata nkhope ya mlongo wanga? Kagone ndi makina akowo, akuphikirenso." Ndinamuuza kuti ndamata dzina, osati nkhope. Anandipatsira bulangete pakhomo. Ndinagona kuntchito masiku asanu ndi anayi, pamwamba pa makatoni. Dzina litabwerera, nanenso ndinabwerera kuchipinda, masiku khumi ndi awiri. Chilandirireni kalata yachitatu ndimagona pasofa pabalaza, chifukwa akuti nanenso mlandu wanga ukuunikidwa. Msana wanga ukupereka moni.

Bwana, Lachisanu pa 9 Okutobala, 10 koloko m'mawa, galimoto ya positi idzabwera kudzatenga mapepala a anthu ovotera kunyumba. Ndikasiya dzinalo papepala inu mutalikana, ndalakwira lamulo. Ndikalimata popanda kalata yanu, Lurleen adzati ndi njiru yanga, ndipo ukwati wa zaka 38 udzathera pa kapepala kochepa ngati chala.

Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti pofika Lachinayi mundiyankhe ndi chiganizo chimodzi, chosainidwa ndi dzanja lanu, mwa zilembo zikuluzikulu zoti Lurleen awerenge popanda magalasi. Ndidzachimata pafiriji, pafupi ndi chithunzi chija.

Ngati mudzakhale mukuunikabe, musavutike mtima. Takusungirani mpando pa 26 Novembala, pa chakudya cha pabanja cha chikondwerero cha Tsiku Lothokoza, pakati pa ine ndi a Buford. Mudzawafunse nokha ngati anaukira boma. Dziwani chabe kuti chaka chilichonse mpeni wodulira nkhukundembo amagwira ndi iwo.

Ine wanu wodikira pasofa,
Orville Tackett