A Fackson ndi Sidi Yawo ya Linux

Pa esiteti yathu kuno ku Thyolo, munthu ukasiya kompyuta yakale popanda woyang'anira, unkaipeza a Fackson ataithira kale Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta. Sankapempha. Sidi yake ankayenda nayo m'thumba la malaya ngati chiphaso cha kuchipatala, ndipo pakamwa pawo panali powawa kuposa tiyi wogonera.

Kale ankakonza matelefoni a pa esiteti. Atapuma ntchito, mphwawo wa ku Joni anawatumizira sidi ija, misala n'kuyambira pomwepo. Ahedi a sukulu ina ku Bvumbwe anawathamangitsa ndi tsache atawafufutira mayeso a Fomu 2.

"Mayeso ake ophwekawo?" anakuwa a Fackson akuthawa. "Lembani ena anzeru!"

Koma amene sankafuna n'komwe kuwaona anali mayi Anesi, otaipa makalata mu ofesi ya esiteti. Mu 2006 kompyuta yawo inayamba kumangozima yokha. Manijala watsopano sanabise mawu: ikapanda kuchira pofika Lachisanu itayidwa, makalata azikataipidwa ku Limbe, mayi Anesi azipita kwawo kwa Changata. Mayiwo anaganiza za ana awo anayi, n'kuitanitsa mdani wawo.

"Lero mwandifuna?"

"Ingokonzani bambo, musandinyoze."

"Kunyoza ndi kwaulere, Linux ndi waulerenso. Tasunthani."

Tsiku lonse anakhala akuthira sidi yawo, uku akutukwana manijala, ogulitsa mapulogalamu ndi zala za mayi Anesi. Pomaweruka, kompyuta inkathamanga ngati yatsopano.

M'mawa mwake kunagwa chiperoni. Mayi Anesi anaifunditsa chitenje, monga ankachitira kukazizira, kuopa chinyezi. Teni koloko isanakwane inazimanso, mtima wawo n'kuzima nayo. A Fackson anafika ali wefuwefu, ndipo ataona chitenjecho anagwira mutu.

"Mayi inu! Mumaifunditsa ikuyaka? Ipumira kuti? Ndi khanda limeneli?"

Mayi Anesi anawayang'ana n'kufunsa. "Ndiye kuti vuto linali nsalu, osati pulogalamu?"

"Linali pulogalamu!" anakalipa, akulonga chitenjecho m'chikwama mwawo. Sanabweze mpaka imfa.

Lachisanu linadutsa kompyuta ikuyaka. Zikomo sanapatsane. Mwezi wathunthu mayi Anesi ankasakasaka pomwe pabisala batani losindikizira mu Linux muja, a Fackson ali pawindo: "Kumanzere! Kusukulu munkakatola nkhuni?" Mayiwo ankangoluma mano, koma batani ankalipeza.

A Fackson anatisiya mu 2009, mvula yoyamba itangogwa. Pamaliro anthu analira mongolemekeza mwambo, ndipo ahedi aja sanabwere.

Mayi Anesi akadali pa ntchito, kompyuta ija ikadataipabe makalata. Koma masiku ena imalemba mawu achilendo, ndiye mayiwo amaitana akalaliki. Amabwera onse, amaima mozungulira manja kumbuyo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani mayi, ife izi sitidziwa." Mu ofesi muja tsopano mwadzaza ulemu wokhawokha, koma wokonza kanthu mulibe.