Mlandu wa Mabakiteriya Anga

Dzulo masana, anzanga, ndinatsamira tebulo la mu labu, tulo n'kundiba, ndiye ndinalota. Paja mukudziwa kuti a Pulofesa Kaliwo achotsa dzina langa pa pepala la kafukufuku. Akuti ine ndinkangotsuka mabotolo, chonsecho ndatha zaka ziwiri ndikusintha chibadwa cha mabakiteriya aja kuti azipanga mapuloteni.

Ndiye kutuloko botolo lalikulu la mabakiteriya linatsokomola n'kunditchula dzina kuti, "Mwandida, tiberekeni, tachedwa ku mlandu." Ndinalibereka ndi chitenje. Makina aja opopera timathovu ta mpweya m'botolo anatilondola pambuyo akukhwekhwereza chingwe, akudandaula kuti timathovu tawo n'tating'ono kwambiri moti palibe amene amawathokoza. Mwadzidzidzi kathovu kamodzi kanafufuma n'kukhala minibasi, kondakitala ali, "Dipatimenti! Dipatimenti! Awiri tinyamuke!" Tinakwera.

Ndiye tinatsikira m'chipinda cha misonkhano, madzi akulekeza m'mawondo, koma palibe amene ankazitenga ngati nkhani. Mayi Nyirongo, mkulu wa dipatimenti, anavula magalasi n'kusanduka kamba. A Pulofesa anakutumula jekete n'kukhala khwangwala, kolala yoyera ija ili pomwepo.

"Ana awa ndi anga," anatero khwangwala. "Labu ndi yanga, firiji ndi yanga."

Kamba anati, "Tiwafunse eni akewo."

Ndinatsegula botolo. Mabakiteriya anayankhira pamodzi ngati ana a Sitandade 1: "Bambowa timangowamvera nsapato. Amene ankabwera Lamlungu magetsi atathima, n'kutifunditsa juzi yake kuti tisazizidwe, ndi uyu."

"Mabakiteriya alibe pakamwa," anatero khwangwala, akujompha cholembera changa.

Kamba analemba zimenezo, chilembo chimodzichimodzi, mpaka kunja chimanga chinamera n'kucha. Ndiye anatulutsa khosi n'kundiyang'ana. "Mboni tazimva. Nanga iweyo ukuti bwanji?"

Anzanga, ndinatsegula pakamwa koma munangotuluka timathovu. Kalikonse kanali ndi liwu langa m'kati, ndinkaliona bwinobwino, koma kankaphulika kasanafike pa tebulo. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Makina aja anandinong'oneza kuti, "Wamva m'mene zimawawira?" Khwangwala anali atayamba kale kukokera chitenje changa kumbali kwake, ndipo botolo linkatsetsereka kumsanaku. Ndinamva timawu tikulira, "Amayi, yankhulani, ife mbali yathu tachita!"

Kamba anangoti, "Wodandaula akapanda kudandaula, ine ndilemba kuti palibe mlandu." N'kuyamba kubweza mutu m'chigoba.

Mwadzidzidzi kwee! Anali a Mbewe okolopa aja, akukoka ndowa m'khonde. Ndinadzuka tsaya litadinda pa kope.

Kalata yodandaula ndailemba lero m'mawa, ili m'chikwamamu. Iwe Tamanda, maliza tiyi wakoyo undiperekeze kwa Mayi Nyirongo. Ukangondifikitsa pakhomo basi. Kuyankhulako ndikayankhula ndekha.